Msewu Wosapita Kulikonse

Ndimatsika takisi ya ku Tembisa kusanache,
chisanu cha Joni chikuluma zala,
ndipo pageti Sibongile amandipatsa tsache ndi jekete yonyezimira
osandiyang'ana n'komwe.

Msewu uno sufika kwa munthu.
Umachoka pa mzere woyera, n'kukhotakhota,
n'kubwerera pa mzere womwewo.
Kwathu ku Bembeke tinapempha phula mpaka kusasa mawu
kuti mbatatesi isamaolere m'ngolo;
kuno analiyala losalala ngati galasi
kuti anthu azingozungulira basi.

Koma ndisaname, amene anaujambula anali ndi mutu.
Poyamba amakupatsa kamtunda kowongoka
kuti mtima ukule, uiwale zoti uli ndi ana,
kenako pomwepo wakutchera kona yopindika ngati chigongono.
Potsetsereka anapendeketsa phula pang'ono chabe:
diso silingaone,
koma bondo langa lamanzere limadziwa.
Pokwera, kona ina inabisala kuseri kwa chitunda,
umakhota usanaione, mwa chikhulupiriro chokha.
Ndipo kunja kwa kona iliyonse anathirako timiyala,
dimba lonse la timiyala,
poti ankadziwa kuti munthu amalakwa.
Ndimatisalaza ine ndi reki Lolemba lililonse,
kufufuta mizere ya amene anadzikhulupirira mopyola.

Pakhoma la ofesi pali bolodi la mayina.
Wothamanga kuposa onse: mphindi imodzi ndi masekondi angapo,
kenako kadontho,
kenako manambala atatu ofupika kuposa kuphethira.
Akuti bambo wina wandevu analira ngati khanda
chifukwa cha nambala yomalizayo.
Dzina likamatulidwa kuti amatepo lina,
ndine ndimapala guluu wotsalira ndi chikhadabo.

Inenso ndili ndi rekodi yanga.
Ola limodzi ndi mphindi makumi asanu,
tsache m'manja, thumba la zinyenyeswa za matayala kumsana.
Linali tsiku lomwe foni inalira ndili pa kona yachitatu:
"Nangondo matenda ayamba, tikuthamangira naye ku Dedza,"
batire n'kuthera pomwepo.
Chaja inali ku garaja, tsidya lina la bwalo,
ndipo kapitawo Mokoena salola munthu kudutsa pa kapinga.
Ndinasesa ngati nyumba ikupsa.
Kona yachigongono ija ndinaidya mkati ngati katswiri,
pachitunda sindinapume,
mzere woyera ndinaudutsa malovu atauma kukamwa.
Panalibe mbendera, panalibe woomba m'manja,
nkhanga ziwiri zokha pa miyala, zikutolatola zawo.

Foni itayaka anati ndi wamkazi.
Ndinati timutche Liwiro.
Mayi ake anakana.

Loweruka amabwera ndi magalimoto awo afupiafupi,
okwawa pansi ngati nkhanu.
Ndimaima kuseri kwa mulu wa matayala, thonje m'makutu,
phokoso limandilowera m'nthiti.
Amadutsa pomwe ndasesa, osadziwa
kuti kamsomali kamodzi kamene ndinatola m'mawa
kali m'thumba la ovolosi yanga.
Sindiwadandaula. Ena amakhota mokongola zedi,
moti ndimapezeka ndapendekeka nawo,
ine mwini tsache.

Madzulo phula limakhala likadali lofunda.
Ndimaligwira ndi chikhatho, sindidziwa chifukwa chake.

Mwana uja tsopano ali ndi zaka zinayi,
amandidziwa kukula kwa galasi la foni.
Basi ya pa Park Station imatenga masiku awiri,
atatu zikavuta pa Beitbridge,
ndipo ine ndinanyamuka kwathu Disembala wina
ndikuti ndikungozungulira kamodzi.

Mawa tikupenta m'mphepete mwa makona.
Chofiira, choyera, chofiira, choyera.
Mokoena wati ndibwere ndi magolovesi anga,
a kampani anatha.